Imelo, WhatsApp kapena vidiyo: njira yoyenera gulu lophunzitsana la ku Mzuzu

Ambiri mwa anthu amene akupitiriza maphunziro mu mzinda wa Mzuzu ndi madera ozungulira ndi apantchito kale. Ndi aphunzitsi, anamwino, akalaliki a m'maofesi ndi alangizi a zaulimi, amene masana amakhala otanganidwa ndipo mabuku amawatsegula usiku ana atagona. Yunivesite ya Mzuzu, imene inayamba kulandira ophunzira mu 1999 ku Luwinga, ili ndi maphunziro a patali, ndipo ophunzira ake otere amabwera pa sukulu kwa masabata owerengeka kenaka n'kubalalika, wina ku Chitipa, wina ku Chintheche, wina ku Euthini, aliyense mamodyulo ake ali m'chikwama. Asanasiyane, pafupifupi kalasi iliyonse imagwirizana zopanga gulu loti anthu azithandizana. Kupanga gululo ndi ntchito ya mphindi zisanu. Chovuta ndi choti pofika mwezi wachitatu anthu akhale akuphunzitsanabe, ndipo zimenezi zimadalira kwambiri njira imene asankha yolumikizirana.

Ndinakhalapo mlembi wa gulu lotere la aphunzitsi 12 kwa zaka ziwiri, ndipo tinayesa pafupifupi njira zonse zimene ndizitchule pano. Maganizo anga ndi akuti imelo, imene ambiri amaiona ngati yachikale komanso ya mabwana a m'maofesi, ndiyo yoyenera kusenza ntchito yeniyeni ya maphunziro, ndipo njira zinazo zikhale zothandizira. Komabe imelo si ya gulu lililonse, ndipo ili ndi zofooka zimene zingaphe gulu msanga kuposa mmene WhatsApp ingachitire.

Njira iliyonse iyenera kuyesedwa ndi zinthu zimene zimativuta kuno kwathu. Pali mtengo wa bandulo, pali magetsi otchajira foni, pali netiweki imene m'tauni imagwira bwino koma n'kuyamba kudukaduka munthu akangolowa kumidzi, ndiponso pali nthawi, chifukwa namwino wa usiku ndi mphunzitsi wa m'mawa sakhala omasuka pa ola limodzi. Chinthu chachisanu, chimene magulu ambiri amachikumbukira mayeso atayandikira, ndi kuthekera kopezanso zimene zinakambidwa miyezi iwiri yapitayo.

WhatsApp imapambana mosavuta pa zinthu zoyambirirazo. Aliyense amene ali ndi foni yamakono ali nayo kale ndipo safunika kuphunzitsidwa kagwiritsidwe kake. Makampani a Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo a masamba a mchezo pa mtengo wotsikirapo kusiyana ndi bandulo ya intaneti yonse, choncho munthu amene ndalama zamuthera pakati pa mwezi amathabe kukhala nawo pa zokambirana. Gulu limodzi limatha kutenga anthu 1,024, chiwerengero chopitirira kutali zimene gulu lophunzitsana lingafune. Koma mphamvu yake yaikulu ndi uthenga wa mawu. Ku Mzuzu gulu limodzi limakhala ndi olankhula Chitumbuka, Chichewa, Chitonga ndi Chinkhonde, pamene mamodyulo ali m'Chingerezi, ndipo mfundo imene yakanika kumveka m'buku kawirikawiri imamveka mnzako akaifotokoza pakamwa, akusakaniza zilankhulo monga timachitira pocheza. Wa masamu amajambula pepala limene wawerengerapo n'kulitumiza, ndipo wina amamuonetsa pamene walakwitsa pasanathe ola.

Walira mvula walira matope. Kuphweka komweko ndiko kumadzaza gulu ndi zinthu zosakhudza maphunziro. M'mawa mumalowa moni ndi mavesi, masana wina alengeza maliro ndipo anthu onse apepesa mmodzimmodzi, madzulo wina akugulitsa mpunga wa Kilombero kapena usipa wa ku Nkhata Bay, ndipo nthawi ya chisankho mkangano wa ndale umatha kutenga masiku awiri. Palibe choipa pa zonsezi, pakuti ndiwo moyo wathu, ndipo adimini amene angaletse anthu kupepesa maliro adzaoneka wopanda umunthu. Vuto limagwera amene ali kutali. Mmodzi wa gulu lathu ankaphunzitsa pa sukulu ina ya kumudzi m'boma la Mzimba, kumene netiweki inkapezeka pa chulu china kuseri kwa bwalo la mpira. Ankapitako kawiri pa sabata, n'kuima foni ili m'mwamba kudikira kuti mauthenga alowe, ndipo ankalowa oposa 200 nthawi imodzi. Kufotokoza kwabwino kwa funso la asainimenti kunkakhala pakati pa mulu umenewo, mu uthenga wa mawu wa mphindi zisanu umene sakanatha kuusaka polemba liwu, ndipo batire inkatha asanaupeze.

Palinso nkhani ya kasungidwe. Zokambirana za pa WhatsApp zimakhala m'foni, ndipo amene sanatchere foni yake kuti izisunga kope ku Google Drive amataya zonse foniyo ikabedwa m'depoti kapena ikagwera m'madzi. Mafoni otsika mtengo amadzaza msanga, choncho eni ake amafufuta zithunzi ndi mafayilo kuti apeze malo, ndipo pofufutapo amachotsanso mapepala a mayeso akale. Amene walowa m'gulu mochedwa amasowa zambiri zimene zinakambidwa asanabwere. Chinthu china chimene anthu sakonda kuchitchula ndi ulemu. M'gulu mukakhala mphunzitsi wamkulu kapena munthu wachikulire, iye akangoyankha funso, achinyamata amalemba kuti "zoonadi bwana" ndipo kukambirana kumathera pomwepo, ngakhale yankholo likhale lolakwika. Liwiro la WhatsApp silipatsa munthu mpata woganiza mmene angatsutsire wamkulu mwaulemu.

Imelo imagwira ntchito mosiyana kwambiri, ndipo kusiyana kwake kumayambira pa kamzere ka mutu. Uthenga uliwonse umakhala ndi mutu wake, ndipo mayankho onse amasonkhana pansi pa mutuwo, kotero kuti funso la sabata yachitatu silisakanikirana ndi la sabata yachinayi. Mauthengawo sasungidwa m'foni mokha. Amakhala pa makina a kampani yopereka imelo, choncho munthu amene foni yatayika amalowa pa kompyuta ya ku ntchito kapena ya mu kafe ya intaneti n'kupeza zonse zili momwemo. Akaunti yaulere ya Gmail imapereka malo okwana 15 GB, ndipo uthenga umodzi umanyamula mafayilo mpaka 25 MB, zimene ndi zokwanira pa zolemba za Word ndi PDF ngakhale sizikwanira pa vidiyo. Anthu a ku Mzuzu amene akukumbukira moto umene unapsereza laibulale ya yunivesite mu December 2015 amadziwa kuopsa kosunga mabuku onse pa malo amodzi. Pa imelo, m'gulu la anthu 12, chilichonse chotumizidwa chimakhala ndi makope 12.

Kwa mnzathu wa pa chulu uja, imelo inasintha zinthu m'njira imene sitinaiyembekezere. Pulogalamu ya Gmail ya pa foni imalola munthu kuwerenga mauthenga amene analowa kale komanso kulemba yankho popanda netiweki, ndipo yankholo limadikira mpaka netiweki itapezeka. Iye ankapita pa chulu Lachiwiri, n'kulandira mauthenga anayi kapena asanu, onse a maphunziro okhaokha. Ankawawerenga kunyumba modekha, n'kulemba yankho lake usiku, ndipo ankalitumiza Lachinayi. Mayankho ake ndiwo anakhala ozama kuposa a ife a m'tauni, amene tinkayankha mothamanga tili m'minibasi.

Kuchedwa kwa imelo ndiko phindu lake pa maphunziro. Munthu amene akudziwa kuti zimene alembe ziwerengedwa ndi anzake onse, ndipo zikhalapo mpaka kalekale, amatsegula kaye buku asanayankhe. Amalemba ziganizo zathunthu, ndipo popeza mayeso ndi maasainimenti amalembedwa m'Chingerezi, kulemba ndime ziwiri zolongosoka sabata iliyonse ndi kuyeserera kumene uthenga wa mawu sungapereke. Wachinyamata amene sakanatsutsa mphunzitsi wamkulu pa WhatsApp amatha kulemba kuti, "Ndawerenga mfundo yanu, bambo, ndipo ndaona kuti pa tsamba 47 la modyulo akunena zosiyana pang'ono, mwina mungatithandize kuzigwirizanitsa." Wamkuluyo nayenso amapeza nthawi yobwerera ku buku n'kukonza mawu ake popanda manyazi oti wagonja pamaso pa anthu.

Zofooka za imelo ndi zenizeni, ndipo choyamba ndi ndalama. Bandulo ya WhatsApp siitsegula imelo, choncho pamafunika bandulo ya intaneti yonse. Zolemba zokhazokha zimadya deta yochepa kwambiri, koma foni ikangolumikizidwa ku intaneti yonse, mapulogalamu ena amayamba kudzikonza okha ndipo bandulo yaing'ono imatha munthu asanawerenge n'komwe. Njira yake ndi kuletsa mapulogalamuwo kugwiritsa ntchito deta mwakachetechete, ndipo ndi bwino wodziwa za mafoni m'gulu awaonetse anzake kachitidwe kake. Chachiwiri ndi choti anthu ambiri ali ndi adiresi ya Gmail chifukwa chakuti foni ya Android inaifuna pa tsiku loyamba, ndipo amene anaitsegula ndi mnyamata wogulitsa mafoni kapena mwana wa achimwene. Mwini wake sadziwa pasiwedi, ndipo nthawi zina sadziwa ngakhale adiresiyo. Ife titayamba, anthu anayi mwa 12 anali otere.

Chachitatu ndi chizolowezi. Foni ikalira ndi uthenga wa WhatsApp munthu amaitenga nthawi yomweyo, koma imelo imatha kukhala sabata yathunthu osatsegulidwa, ndipo gulu la pa imelo limafa mwakachetechete popanda wodziwa tsiku limene linafera. Palinso kalakwitsidwe kamene pafupifupi aliyense watsopano amachita, kodina Reply m'malo mwa Reply all, kotero kuti yankho limapita kwa munthu mmodzi pamene wolembayo akuganiza kuti gulu lonse laliona ndipo lamunyalanyaza. Kuika maadiresi mu Bcc, pamalo pamene olandira ena sawaona, kumene n'koyenera potumiza chidziwitso kwa anthu osadziwana, sikuthandiza pano chifukwa olandira sangayankhane. Magulu ena amatsegula adiresi imodzi ya gulu lonse kudzera mu Google Groups, ndipo zimenezi zimachepetsa vutoli komanso zimalola wobwera mochedwa kuwerenga zakale. Chomaliza ndi choti kulemba ndime zazitali pa kagalasi ka foni n'kotopetsa, ndipo amene alibe laputopu amakhala pa mpanipani.

Chifukwa cha zofooka zimenezi, gulu la pa imelo silingayende lokha monga la pa WhatsApp limayendera, ndipo limafuna dongosolo. Chiwerengero choyenera ndi anthu apakati pa 6 ndi 12, chifukwa akachepera apo, awiri akangodwala kapena kupita ku maliro gulu limakhala chete, ndipo akapitirira apo ambiri amabisala kumbuyo kwa anzawo. Ife tinkachita motere. Sabata iliyonse inali ndi mtsogoleri wake, mosinthana motsata ndandanda imene tinalemba pa chiyambi. Lolemba mtsogoleriyo ankatumiza funso limodzi lokha, mutu wake utalembedwa mofanana nthawi zonse, kuyamba ndi nambala ya sabata, kenaka dzina la phunziro, kenaka nkhani yake. Pofika Lachinayi usiku aliyense ankayenera kukhala atayankha, ndiponso atanenapo kanthu pa yankho la mnzake mmodzi. Loweruka mtsogoleriyo ankalemba chidule cha zimene tagwirizana ndi zimene zatikanika, ndipo zotikanikazo n'zimene tinkapita nazo kwa aphunzitsi athu. Kusinthana utsogoleri n'kofunika kwambiri, chifukwa gulu limene limadalira munthu mmodzi wanzeru limasanduka kalasi ya munthuyo, ndipo iye akatopa zonse zimaima.

Imelo ndi yabwinonso pa kuwerengerana zolemba. Anthu amakhala awiriawiri, aliyense n'kutumizira mnzake zimene walemba kuti amuonetse pamene mfundo sizikumveka. Apa pafunika kusamala, chifukwa malire a kuthandizana ndi kukoperana ndi opyapyala, ndipo masukulu a ukachenjede amalanga onse awiri, wokopa ndi wokopedwa. Lamulo lathu linali lakuti ku gulu lonse timatumiza maganizo ndi mafunso, koma asainimenti yathunthu imapita kwa mnzako mmodzi yekha, ndipo iyenso akhale atamaliza kale yake. Anamwino ndi azamba, amene amafunika kuonetsa kuti akupitiriza kuphunzira kuti chiphaso chawo cha ntchito chikonzedwenso, ali ndi chenjezo lina. Pokambirana za wodwala sayenera kulemba dzina, mudzi kapena kutumiza chithunzi choonetsa nkhope, kaya ndi pa imelo kapena pa WhatsApp. Malamulo a ntchito yawo amaletsa kale zimenezi, ndipo kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa pa makina.

Misonkhano ya pa vidiyo inatchuka sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo anthu ena amaganizabe kuti kuphunzira pa intaneti ndiye Zoom. Zoom yaulere imadula msonkhano pakatha mphindi 40, pamene Google Meet yaulere imalola gulu ola limodzi. Ola limodzi la vidiyo limatha kudya mamegabayiti mazana angapo, mwinanso kupitirira gigabayiti, ndipo ndalama imeneyo ingayendetse gulu la pa imelo kwa miyezi. Choposa ndalama, vidiyo imafuna kuti anthu onse akhale ndi magetsi, netiweki yamphamvu ndi mpata pa ola limodzimodzi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo magetsi ankathima maola ambiri pa tsiku kwa nthawi yoposa chaka. Pa nthawi ngati imeneyo, gulu lodalira vidiyo limangolepherekeratu. Ngakhale magetsi alipo, mvula ya ku Mzuzu ikayamba kugunda pa malata, wolankhula samveka ndipo theka la msonkhano limathera pa kufunsana kuti "mukundimva?" Malo ake oyenera ndi ochepa: kuyeserera kufotokoza kafukufuku pamaso pa anthu, kapena kuonetsana kagwiritsidwe ka pulogalamu ina pa kompyuta. Kamodzi pa mwezi, makamera atazimitsidwa, n'kokwanira.

Palinso Moodle ndi Google Classroom, zimene masukulu amagwiritsa ntchito poika zophunzira ndi kulandira maasainimenti. Ndi zadongosolo labwino, koma mwini wake amakhala sukulu kapena mphunzitsi. Ophunzira samasuka kuonetsa umbuli wawo pamalo pamene wochonga mayeso akuwerenga, ndipo munthu akamaliza maphunziro kawirikawiri mwayi wolowamo umathanso. Gulu la anthu ofanana, lofuna kupitirira ngakhale sukulu itatha, ndi bwino likhale ndi malo akeake.

Kukumana pamaso sikungafanane ndi njira ina iliyonse pa kumanga chikhulupiriro, ndipo ngati onse akukhala ku Katoto, Chibavi, Zolozolo kapena Mchengautuwa, kukwera kabaza Loweruka masana n'kukakumana m'kalasi ina kapena ku laibulale ya m'tauni n'kwanzeru kuposa kugula bandulo ya vidiyo. Wa ku Ekwendeni, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, angathe kubwera kawirikawiri. Wa ku Nkhata Bay angabwere mwa apo ndi apo. Wa ku Karonga, kumene ndi makilomita oposa 200 kudzera pa Chiweta, sangakwanitse, makamaka kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo mitengo ya maulendo inakwera. Gulu limene limakumana pamaso sabata iliyonse limasanduka la a m'tauni okha, ndipo akutali amangomva kuti "tinakambirana kale."

Kusankha kwake kumatengera anthu amene ali m'gululo. Ana a sekondale amene akukonzekera mayeso a MSCE, amene ambiri amabwereka foni ya makolo madzulo, imelo siiwayenera, ndipo kwa iwo kukumana pamaso ndi kagulu kakang'ono ka pa WhatsApp n'zokwanira. Ogwira ntchito m'maofesi a m'tauni, amene ali ndi kompyuta ndi intaneti ya ku ntchito, angayendetse zonse pa imelo mosavuta. Gulu lobalalika m'maboma, la anthu a maphunziro a patali kapena ogwira ntchito imodzi m'malo osiyana, ndi limene limapindula kwambiri ndi kuphatikiza njira ziwiri, koma iliyonse ikhale ndi ntchito yake yodziwika. Imelo ikhale nkhokwe ya mafunso, mayankho, zidule ndi mafayilo. WhatsApp ikhale belu loitanira anthu, pamene mtsogoleri wa sabata amalemba kuti funso latumizidwa kapena kuti kwatsala tsiku limodzi, komanso pamene moni, maliro ndi macheza zimapeza malo ake popanda kukwirira maphunziro. Wina akafotokoza mfundo yabwino mu uthenga wa mawu, mtsogoleri ailembe mwachidule n'kuiika mu chidule cha Loweruka. Kuwonjezera njira yachitatu ndi yachinayi yogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku kumangosokoneza, chifukwa anthu amayamba kufunsana kumene fayilo inatumizidwa.

Msonkhano woyamba wokha uyenera kuchitika pamaso, anthu asanachoke pa sukulu kapena pa malo a maphunziro, ndipo ntchito yake yaikulu ikhale ya mafoni. Aliyense atsegule imelo yake anzake akuona. Amene sadziwa pasiwedi aikonze pomwepo kapena atsegule akaunti yatsopano ya dzina lake lenileni, n'kuikamo nambala ya foni yobwezeretsera akaunti ikatsekeka. Mlembi atumize uthenga umodzi woyesera, ndipo aliyense auyankhe ndi Reply all asanatuluke m'chipindamo, kuti amene uthenga wagwera ku Spam, kumene imelo imatayira mauthenga okayikitsa, adziwike pomwepo. Ife zinatitengera pafupifupi maola awiri, ndipo ndandanda ya atsogoleri a masabata 12 oyamba tinailemba pa bolodi, aliyense n'kuijambula pa foni yake asanapite kukakwera basi.